Mmene 120Y Yanga Inakokera 504 ya Alamu Anga

Masiku ano ndikamadutsa ku Makululu, anthu amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Pali amayi ena ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu amene amachita kuimirira, kugwira m'chiuno, n'kukuwa kuti, "Bashi Tisa, lelo mwakoka chani?" Bashi Tisayo ndine, ndiye kuti bambo ake a Tisa m'Chibemba, ndipo ndimangokweza dzanja ngati phungu, n'kupitirira. Nkhani yake yakambidwa kale m'maminibasi ndi m'malo ometera, ndipo ambiri amaikamba mokomera alamu anga. Ndiye ndati ndiikambe ndekha, manyazi ake ndi ulemerero wake womwe, chifukwa ulemerero ulipo ndithu, anthu amangoudumpha dala.

Ine ndimakhala ku Ngungu, ndipo ndinapuma pantchito yophunzitsa masamu. Bambo anga anachoka ku Katete ali mnyamata n'kudzagwira ntchito kunjanji kuno ku Kabwe. Atamwalira sanandisiyire munda kapena ng'ombe. Anandisiyira galimoto, 120Y yachikasu ngati papaya lakupsa, pamodzi ndi buku lake lofotokoza za injini lomwe mpaka lero lili ndi zidindo za zala zawo za oilo. Ndi kagalimoto kakang'ono, kopepuka, kosadya petulo, ndipo m'mawa ngakhale kuzizire bwanji kamalira kamodzi kokha. (Chabwino, kawiri. Mu Juni katatu.)

Alamu anga, a Sakala, ndi alongo a mkazi wanga, aakulu. Amakhala ku Nakoli, anali oyendetsa malole a kumgodi usanatsekedwe, ndipo ndi mkulu wa mpingo ku Dachi, munthu wosatukwana ngakhale nyundo imugwere pachala. Iwo ali ndi 504 yoyera, yaitali, ya giya ya pachiwongolero, ndipo amaipukuta ndi thaulo labwino kuposa limene amasambira. Kwa zaka zoposa makumi awiri ine ndi a Sakala takhala tikukangana za magalimoto awiriwa pamaliro, pamaukwati ndi pa Khirisimasi paliponse. Panalibe chotayika, inali nkhani yotsitsira tiyi basi.

Zinasintha mwana wanga Tisa atabwera kuchokera ku Lusaka kudzakonza za ukwati wake. Anati iye safuna magalimoto obwereka onyezimira aja amene aliyense amakwera. "Ndifuna motoka yakale," anatero, "ija ya m'banja mwathu. Zithunzi zake zimakongola." Ananena zimenezi tili tonse pakhonde, ine ndi amalume akewo, ndipo sanatchule kuti motoka yake iti. Ine ndinamwetulira chifukwa ndinadziwa kuti akunena ya agogo ake. Nditacheuka ndinapeza a Sakala nawonso akumwetulira.

Lamulungu lotsatira komiti ya ukwati inakumana kwathu, ndipo nkhani ya nkhuku ndi ya madiresi a operekeza inatha bwinobwino. Titafika pa galimoto ya mkwatibwi, a Sakala anatsokomola.

"Apa palibe chokambirana," anatero. "Mwana wa mlongo wanga sangakwere chitini cha kapenta. 504 ili ndi injini ya malita awiri. Mahatchi ake ndi oposa nainte. Masipuling'i ake anawapangira misewu ya kuno kwathu, ukalowa m'dzenje sumva kanthu. Kumbuyo anthu atatu amakhala ngati ali pa sofa, diresi n'kutsala ndi malo."

"Alamu," ndinatero ine, nditatsegula kale buku la bambo anga pamwendo, "injini yanu ndi 1971cc, yanga ndi 1171cc. Onani bwino manambalawo. Kusiyana kwake ndi nambala imodzi chabe."

"Nambala imodziyo ndi mazana asanu ndi atatu, aphunzitsi."

"Inde, koma mazana amenewo amathera kunyamula thupi lake lomwe. Yanu imalemera kupitirira tani imodzi. Yanga sifika n'komwe tani. Munthu wonenepa amafuna mtima waukulu, sikuti ndiye kuti amathamanga."

Mawu amenewa ndinawanena ndisanayang'ane amene anakhala pafupi nane. Anali amayi Mbewe, a metroni a ukwatiwo, mayi wa thupi lake ndithu, amene anagwira unamwino mpaka kupuma ndipo saopa munthu aliyense wovala thalauza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mwatha?" anafunsa. "Ine za ma cc sindizidziwa ndipo sindizifuna. Mkwatibwi adzavalira ku Makululu kwa agogo ake. Ino ndi Febuluwale, ndipo msewu wa kumeneko mukuudziwa. Loweruka lino motoka zonse ziwiri zinyamuke pabwalo la tchalitchi kuno ku Ngungu, zikafike kwa agogo, zibwerenso. Popita ndikwera ya a Sakala, pobwera ndikwera ya bashi Tisa. Imene ine ndidzanene, ndi yomweyo."

Palibe anatsutsa. Tisa anali atabwerera kale ku Lusaka, ndipo amake anangoti, "Ambuye atithandize."

Lachisanu masana ndinayamba kukonzekera, ndipo apa ndi pamene nzeru zanga zinandipitirira. Ndinaganiza kuti popeza mphamvu ya 120Y ili pa kupepuka kwake, ndiyenera kuipepuza kwambiri. Ndinatulutsa tayala la sipeya. Ndinatulutsa jeki ndi bokosi la zitsulo. Ndinatulutsa makapeti. Kenako ndinayang'ana galasi la pambali loonera kumbuyo, n'kuona kuti limagwira mphepo, ndiye ndinalimasulanso. (Musandifunse kuti kagalasi kochepa ngati chikhatho kangachedwetse galimoto ndi masekondi angati. Panthawiyo zinkamveka zanzeru kwambiri.) Pomaliza ndinamasula mpando wa kutsogolo, wa wokwera, kuti ndisese pansi pake, poti a metroni ndi munthu wa ukhondo. Nditaubwezera ndinalowetsa mabawuti anayi aja ndi zala, ndikuti ndikatenge sipanala ndidzamange bwino. Nthawi yomweyo amake Tisa anaitana kuti chakudya chapsa. Sipanalayo inali m'bokosi la zitsulo, bokosi linali kale m'nyumba, ndipo ine ndikakhuta ndimaiwala.

Chinthu chimodzi chokha chimene ndinasiya m'buti ndi chingwe cha bambo anga, chokhuthala ngati dzanja la mwana. Ndinachisiya osati chifukwa cha nzeru ayi, koma chifukwa chinali chitakodwa pakona ndipo ndinachita ulesi.

Loweruka kunacha ndi mitambo. Mvula inali itagwa usiku wonse ndipo inali ikuwazabe pang'onopang'ono. A komiti anasonkhana pansi pa mtengo pabwalo la tchalitchi ndi maambulera awo. A Sakala anabwera atavala suti ya imvi ndi tayi, ngati akupita kukalalikira. Anatsegulira amayi Mbewe chitseko cha kumbuyo n'kuwerama. Ine ndinaliza injini yanga kawiri konse kuti anthu amve kuti ilibe chifuwa.

Pa tala zinthu zinandiyendera. Kagalimoto kanga kamanyamuka msanga, ndipo a Sakala asanamalize kufufuza giya yachiwiri pachiwongolero chawo, ine ndinali nditadutsa kale mashopu. Koma titafika pamsewu wautali wowongoka, ndinamva kulira kwa injini ngati besi ya kwaya kumbuyo kwanga, ndipo 504 inandipitirira mosavutika n'komwe, ngati munthu wamkulu akudutsa mwana amene akuthamanga. Ndinaona amayi Mbewe kumbuyo atatsamira, maso ali chitsekere. Anali atagona! Mtima unandipweteka, chifukwa mu 120Y palibe munthu anagonapo chiyambire, ngakhale khanda.

Titasiya tala n'kulowa ku Makululu, msewu unali phala lokhalokha. 504 inkangoyandama pamabampu, thupi lake lili phee, matayala okha ndi amene ankakwera ndi kutsika. Yanga inkadumpha ngati chiwala, mutu wanga n'kumagunda denga. Pafupi ndi pamene amagulitsa makala, matayala akumbuyo anazungulira pamalo amodzi, fwii, fwii, ndipo ndinatitimira. A Sakala anandiimbira huta kawiri, n'kukhota pakona, osaonekanso.

Ndinatuluka ndili ndi nkhope ya maliro. Koma amayi anayi ogulitsa zinthu pamenepo, mmodzi mwa iwo ndi wa tomato uja, anabwera n'kuizungulira galimotoyo akuiyang'ana ngati mbuzi ya pamsika.

"Aka ka motoka?" anatero wa tomatoyo. "Tate, chokaniko. Bana Mulenga, gwirani uko."

Anamanga zitenje zawo zolimba, anagwira kumbuyo, anawerenga mpaka katatu, ndipo anainyamula. Sindikunama. Anaikweza kumbuyo konse n'kuisuntha n'kuikhazika pouma ngati akusuntha bedi kuti asese. Ndinawathokoza m'zinenero zitatu, ndipo ndinafika kwa apongozi anga, agogo ake a Tisa aja, mochedwa ndi mphindi zochepa chabe, nditapeza a Sakala akumwa kale tiyi pakhonde.

"Tinayamba kuganiza zotumiza wilibala," anatero.

Tsopano inali nthawi yanga yonyamula a metroni. Ndinawatsegulira chitseko cha kutsogolo kuti aone bwino mmene giya ya pansi imalowera mofewa. Ana ndi akulu a m'nyumba zoyandikana anali atasonkhana kudzaonerera. Amayi Mbewe anasonkhanitsa chitenje chawo, analowetsa mwendo umodzi, kenako wina, n'kukhala ndi thupi lonse nthawi imodzi.

Mpandowo sunachite phokoso lalikulu. Unangoti khwe, n'kugwa chagada, a metroni ali momwemo. Pogwa anatambasula dzanja kufuna chogwira, ndipo chimene anachipeza ndi galasi la m'kati loonera kumbuyo, lomwe linathothoka n'kupita nawo limodzi. Chimene anthu a ku Makululu anaona pawindo ndi nsapato ziwiri zakuda zitaloza kumwamba.

Kenako apongozi anga, mayi wokalamba amene sindinawamvepo akuseka mokweza, ndi amene anayamba kuseka.

Tinawadzutsa amayi Mbewe. Anandipatsa galasi lija m'manja, n'kuuza anyamata kuti abweretse njerwa ziwiri, tinatchinjiriza mpando kumbuyo, ndipo anakhalanso, pang'onopang'ono, atagwira chitseko ndi dzanja limodzi. Ndinadziwa kuti mpikisano watha, ndipo mwana wanga adzapita kutchalitchi m'galimoto ya amalume ake, ine bambo wake ndikutsatira pambuyo ndi makeke.

A Sakala anali akupukuta misozi ndi hanki. "Alamu," anatero, "nditsatireni, ndikuonetseni mmene motoka yeniyeni imayendera pamadzi."

Pafupi ndi kwa apongozi pali malo otsika pamene madzi amasonkhana mvula ikagwa. Aliyense wa kumeneko amadziwa kuti umadutsa cham'mbali, kufupi ndi mpanda. Ngakhale popita a Sakala anadutsa cham'mbali. Koma tsopano anali ndi anthu owaonerera, ndipo munthu akaseka kwambiri nzeru zimatuluka ndi misozi. Analunjika pakati penipeni. 504 inalowa mwaulemu, madzi anagawikana uku ndi uku, inayenda mpaka pakati, kenako mphuno yake inatsika, injini inatsokomola kawiri, n'kuzima.

Ine ndinadutsa cham'mbali, kufupi ndi mpanda, n'kukaima pouma kutsogolo kwawo. Sindinaseke. Ndikufuna zimenezi zilembedwe: sindinaseke, ndinangoluma mlomo mpaka kuwawa.

Amayi anayi aja anaitanidwa. Anabwera, anaiyang'ana 504, wa tomato anayesa kugwira kumbuyo n'kusiya. "Iyi ni njovu," anatero. "Ise tinyamula chabe tumbuzi." Amuna asanu ndi mmodzi anayesa kukankha, osasuntha. Posakhalitsa panafika anyamata aja otola zitsulo zakale, ndi masaka awo, n'kuima chapatali akuiyang'ana mwachikondi. Mmodzi anafunsa mwaulemu ndithu kuti, "Mudala, iyi yafa? Tingakambe pa kilo." Nkhope ya a Sakala inachita mdima. Anali ataima m'madzi ofika m'mawondo, suti ya imvi ili yakuda.

Apa ndi pamene ndinatsegula buti n'kutulutsa chingwe.

"Alamu," ndinatero mofatsa kwambiri, "mwina chitini cha kapenta chingathandize?"

Anayang'ana kumwamba, anayang'ana anyamata a zitsulo aja, n'kugwedeza mutu kuvomera. Kenako anati, "Mumange pansi, pachitsulo cha thupi. Osati pabampala."

Koma kumanga pansi kunafuna kugwada m'madzi amatope, ndipo ine ndinali nditavala thalauza langa labwino. "Si inu mumanena kuti bampala ya 504 ndi chitsulo chenicheni, osati malata ngati yanga?" ndinawafunsa. Ndinamanga pabampala, mfundo zitatu. Tinagwirizana kuti popeza injini yawo yamwa madzi ndipo siilira, ndiwakoke mpaka ku Ngungu.

Ndinalowa, ndinaika giya yoyamba. Amuna aja anagwira kumbuyo kwa 504. Ndinaponda mafuta, kilachi inayamba kununkha ngati tsitsi lopserera, kagalimoto konse kanali kunjenjemera, amayi Mbewe atatseka maso akutchula oyera mtima mmodzimmodzi. Ndiye ndinamva chinthu chimene sindidzaiwala mpaka kumanda: kulemera kuja kumbuyo kunayamba kubwera. Pang'ono, pang'ono. Anthu anayamba kukuwa. 504 inatuluka m'madzi, ikukha ngati mvuu, ikukokedwa ndi 120Y ya bambo anga. Amayi a tomato analulutira. Ine tsitsi lonse linaima. Ndinaika giya yachiwiri mwamphamvu, galimoto inagwedezeka kamodzi, panamveka kuti gwa, ndipo kuyambira pamenepo inayamba kuyenda mopepuka modabwitsa.

"Mwaona, amayi Mbewe?" ndinatero. "Ikangotenga liwiro, basi. Simungadziwe n'komwe kuti tikukoka kanthu."

Iwo anacheuka, poti khosi lawo linalibe vuto. Galasi la windo la kumbuyo linali litachita nthunzi ndi matope, koma anasuzumira pawindo lawo.

"Bashi Tisa," anatero, "kumbuyoku—"

"Ndikudziwa, mayi, ndikudziwa. Tani yathunthu ndi zina pamwamba. Anthu amaona ngati mphamvu ndi kukula kwa injini. Mphamvu ili m'magiya."

"Bashi Tisa, ndikuti kumbuyo—"

"Phokosolo lisakuopseni." Kunkamvekadi phokoso kumbuyo, ngwee, ngwee, ngwengwere, makamaka titakwera pa tala. "Ndi paipi ya utsi ya 504 imeneyo, yamasuka. Ndakhala ndikuwauza alamu anga kuti motoka zolemera zimadzimasula zokha."

Anatsegulanso pakamwa kachitatu, koma ine ndinali nditayamba kale kufotokoza za kabyureta. Ndinawaona akutseka pakamwa, akupinda manja pachifuwa, n'kutsamira bwinobwino panjerwa zija. Panthawiyo ndinaganiza kuti agonja ndi mfundo zanga.

Magalasi ndinalibe. Lina linali kunyumba pawindo la kukhitchini, lina linali m'thumba la jekete langa. Foni inayamba kulira m'thumba lina. Nditasuzumira ndinaona dzina la a Sakala. "Akufuna ndichepetse liwiro," ndinauza a metroni. "Achita mantha. Sanayendepo chonchi." Ndinaisiya ilire. Inalira kasanu ndi kawiri.

Njira yachidule yopita ku Ngungu ilipo. Ine sindinaifune. Tsiku ngati limeneli limabwera kamodzi pa moyo wa munthu, ndiye ndinakhotera m'tauni, Loweruka masana, anthu ali pikitipikiti. Ndinatsitsa windo, chigongono panja. Anthu ankaima n'kumaloza kumbuyo kwanga. Ena ankakweza manja onse awiri akukuwa kuti, "Iminineni! Iminineni!" Chibemba ndimachimva bwino, ndinabadwira konkuno, ndikudziwa kuti ankati ndiime. Koma ndinaganiza kuti akufuna ndiime kuti ajambule, ndipo munthu amene akukoka galimoto saima chiimeime. Pafupi ndi mkuyu waukulu wa pakati pa tauni ndinaimba huta katatu. Kondakitala wina wa minibasi anatulutsa theka la thupi pawindo akuseka mpaka kutsala pang'ono kugwa, ndipo ine ndinamukuwira kuti, "Faifi-o-fo iyo, mwana! Uuze anzako!"

Amayi Mbewe ankangoyang'ana kutsogolo ngati ali m'basi ya ku Kapiri.

Tinalowa pabwalo la tchalitchi ndikuimba huta. A komiti onse anaimirira pansi pa mtengo paja. Ndinaima pang'onopang'ono, mosamala, kuti alamu anga asandigunde kumbuyo. Ndinatuluka, ndinakonza jekete, ndipo osacheuka n'komwe ndinayamba kulankhula, dzanja limodzi litaloza kumbuyo ngati wotsogolera kwaya.

"Abale ndi alongo, sindinena zambiri. Maso anu akuona okha. Malita awiri awo ali apo, abwera pachingwe."

Palibe anaomba m'manja. Onse ankayang'ana kumene ndinkaloza. Amake Tisa anatsitsa ambulera yawo pang'onopang'ono.

"Atate ake Tisa," anatero, "alongo anga ali kuti?"

Ndinacheuka.

Kumapeto kwa chingwe kunali bampala. Bampala yokha, yopindika ngati nthochi, mbali imodzi itaperepeseka ndi tala mpaka kuyera, nambala ya galimoto ikulendewera ndi bawuti imodzi. Mfundo zanga zitatu zinali zikadali zolimba bwinobwino. Kuseri kwa bampalayo kunalibe kanthu, kupatula galu wina amene anatitsatira kuchokera kumsika.

Ndinayang'ana amayi Mbewe, amene anali akutuluka m'galimoto mosamala.

"Mayi, bwanji simunandiuze?"

"Ndinayesa katatu," anatero. "Kachinayi ndinati, aphunzitsi awa asiyeni amalize phunziro."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunatulutsa anthu a kwaya m'tchalitchi. Mlembi wa komiti anachita kukhala pansi paudzu wonyowa. Amake Tisa okha ndi amene sanaseke, anangophimba nkhope ndi chitenje, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Patapita pafupifupi ola, minibasi inaima pamsewu ndipo munatuluka a Sakala, nsapato zili m'manja, matope mpaka m'ntchafu, tayi ikadali pakhosi. Galimoto anaisiya pouma paja pamene ndinaifikitsa, ndipo apongozi anga anali atatulutsa mpando n'kukhala pambali pake ndi ndodo, kuopera anyamata a zitsulo. Anayenda molunjika kwa ine. Anthu onse anakhala chete kuti amve ngati mkulu wa mpingo atukwane lero. Anayang'ana bampala, anayang'ana ine.

"Alamu," anatero, "ndipatseni mano a motoka yanga."

Kenako amayi Mbewe anaomba m'manja kamodzi kuti apereke chigamulo, ndipo ine ndinaweramitsa mutu.

"504 ndi yokoma," anatero. "Ndinagona ngati mwana. Ili ndi malo, ili ndi ulemu, pamsewu wowongoka inadutsa inzake ngati yaima. Iyi inayi inandionetsa miyendo ku Makululu konse, ndipo msana wanga udzaikumbukira. Koma ine ntchito yanga ndi kufikitsa mkwatibwi patchalitchi. Motoka imodzi yafika kuno, ina sinafike. Ina ikatitimira amayi anayi amainyamula, ina ikatitimira anthu amayamba kuifunsa mtengo pa kilo. Ndipo ndinaona ndi maso anga kakang'onoka kakutulutsa yaikuluyo m'madzi. Tisa akwera 120Y."

Ndinadzutsa mutu. Ndinamva ngati bambo anga andigwira paphewa.

"Sindinamalize," anapitiriza. "Motoka yapambana, koma woyendetsa wake walephera. Munthu amene samva, saona kumbuyo, ndipo samanga mabawuti, sanganyamule mwana wa eni, ngakhale mwanayo ndi wake. Mpando akamange makaniko weniweni. Magalasi abwerere. Ndipo tsiku la ukwati adzayendetsa ndi a Sakala."

Ine ndi alamu anga tinatsegula pakamwa nthawi imodzi, ndipo tonse tinatsekanso.

Ndiye mmene zinakhalira ndi mmenemo. Tsiku la ukwati kunawala dzuwa. 120Y inali ndi maluwa paboneti ndi nsalu zoyera m'zitseko. Diresi la Tisa linadzaza mpando wonse wa kumbuyo mpaka kusefukira, ndipo ine ndinapanikizika pakona pambali pake, theka la nkhope litakwiririka mu neti. Kutsogolo kunali a metroni, pampando womangidwa ndi mabawuti atsopano, ndi a Sakala pachiwongolero, mawondo ali pafupi ndi chibwano. Ponyamuka anafufuza giya pachiwongolero monga anazolowera, n'kuyatsa mawaipa. Tisa anaseka mpaka a metroni anamukalipira kuti awononga zodzola. Kenako anandigwira dzanja pansi pa neti paja n'kunong'ona kuti, "Adadi, ine ndinkanena iyi kuyambira pachiyambi. Ndinangoopa amalume."

Ndinayang'ana pawindo kwa nthawi yaitali, chifukwa m'maso munalowa fumbi.

Titafika pamsewu wowongoka uja ndinaona a Sakala akuponda mafuta pang'ono kupitirira mmene mkwatibwi amafunikira. Kagalimoto kanayankha. Anapondanso. Titaima patchalitchi, anatsamira kumbuyo ngati akukonza lamba, n'kunena motsitsa kuti a metroni asamve: "Kali ndi mtima, aka." Mawu anayi amenewo ndinawadikira zaka makumi awiri.

504 inachira. Inangofunika kuumitsa mapulagi ndi kusintha oilo, ndipo bampala tinaiwongola awiri, Maloweruka awiri otsatizana, pabwalo pawo ku Nakoli, iwo akugwira ine ndikumenya, kenako iwo akumenya ine ndikugwira (ndipo ndikukhulupirira kuti kawiri konse nyundo inaphonya dala). Ikadali yokhota pang'ono kumanzere, moti 504 ikamabwera kutsogolo kwako imaoneka ngati ikumwetulira monyinyirika.

Amake Tisa amati phunziro la nkhani yonseyi ndi lakuti mzimayi akanena kuti "kumbuyo", mwamuna atseke pakamwa n'kucheuka. Ndikuvomereza, ndipo ndikuyesetsa. Koma ndiulule kuti ndinagula chingwe chatsopano, cha ngowe zachitsulo kumapeto, ndipo chili m'buti. Mitambo ikangoda, ndimapeza chifukwa choyendera cha ku Nakoli.